Liwiro ndi chandamale: mbiri ya biathlon poionera kumapiri a Ntcheu

Amene anakulira kumapiri a Tsangano kapena ku Lizulu akudziwa mmene dzanja limakhalira m'mamawa wa mwezi wa June. Zala zimauma gwa, mpweya n'kumatuluka m'kamwa ngati utsi. Mnyamata wotsata njiwa ndi legeni amathamanga chokwera chitunda, mbalame ija n'kutera panthambi patsogolo pake. Nthawi yolasa ndi yomweyo, koma chifuwa chili wefuwefu, mtima ukumveka mpaka m'makutu, mphira ukunjenjemera m'manja. Akapupuluma, mwala upita padera. Akati adikire befu lithe, njiwa yauluka. Ine ndinabwerako chimanjamanja kangapo ndisanazindikire kuti chimene chinkandiphonyetsa si maso, koma mtima umene ndinali ndisanaphunzire kuugwira.

Kumpoto kwa Ulaya, vuto lomweli analisandutsa masewera, ndipo lero kuli amuna ndi akazi amene amadya, kumanga nyumba ndi kulera ana ndi luso limeneli. Dzina lake ndi biathlon, mawu ochokera ku Chigiriki otanthauza mipikisano iwiri yochitikira pamodzi: kuthamanga pa chipale chofewa ndi kuwombera chandamale ndi mfuti.

Ku Norway, Sweden ndi Finland nthaka imakwiririka ndi chipale chofewa kwa miyezi yambiri, moti woyenda pansi amatitimira mpaka m'mawondo. Makolo a kumeneko anapeza nzeru yomanga kumapazi matabwa aatali opyapyala, otchedwa ski, n'kumatsetsereka nawo akudzikankha ndi ndodo. Pamiyala ya ku Norway pali zojambula za zaka zikwi zapitazo zosonyeza anthu ali pamatabwa amenewa, ndipo alenje ankatsata nawo nyama uta uli m'manja. Unali uzimba basi, wofunira ndiwo, monga wa kwathu kuno. Mafumu ataona kuti mlenje wotereyu amafika kumene kavalo sangafike, anamuveka zausilikali. M'chaka cha 1767 magulu a asilikali a Norway olondera malire a dzikolo ndi Sweden anapikisana kuthamanga ndi kuwombera, ndipo olemba mbiri amati mpikisano umenewo ndiwo kholo la biathlon. Mu 1861 anthu a ku Trysil, m'malire momwemo, anakhazikitsa kalabu ya mfuti ndi ski pofuna kuti anyamata a kumudzi azikhala okonzeka kuteteza dziko.

M'zaka zomwezo za m'ma 1860, kuno kwathu kunali gulu lina la anthu odziwa liwiro ndi chida. Angoni a kwa Maseko, amene anachoka kum'mwera kwa Africa m'masiku a chipwirikiti cha Shaka, anali atafika mpaka ku Songea, m'dziko la Tanzania la lero. Inkosi Mputa itafera kumeneko, Chidyaonga anawatsogolera pobwerera, ndipo anadzakhazikika mozungulira phiri la Domwe, tsidya la Mozambique, dera limene mpaka pano limatchedwa Angonia. Kuchokera kumeneko ufumu wa Chikuse ndi mwana wake Gomani unafalikira m'mapiri a Ntcheu ndi Dedza. Mnyamata wachingoni ankachoka m'nyumba ya amayi ake akadali wamng'ono n'kukagona kulaweni ndi anzake. Usana wonse anali kubusa, kumene ankathamangitsa ng'ombe m'zitunda, kumenyana ndi ndodo ndi kuponyera akalulu chibonga. Mayi wina wa ku Britain, Margaret Read, amene anakhala pakati pa Angoni m'zaka za m'ma 1930, analemba za maleredwe amenewa m'buku la Children of Their Fathers, ndipo chimene chinamugwira mtima kwambiri ndi mmene Angoni ankaphunzitsira ana kudziletsa. Msilikali wa Gomani ankayenda mtunda wautali chishango chili kumkono, n'kufika pankhondo dzanja lili lokhazikika.

Chaka cha 1896 chinalekanitsa njira ziwirizi. Mu April, ku Athens kunachitika masewera oyamba a Olimpiki a makono, ndipo azungu anayamba kusandutsa maluso a nkhondo kukhala mipikisano ya mendulo. Mu October, asilikali a atsamunda a Britain anagwira Inkosi Gomani I n'kuipha ndi mfuti. Akuluakulu a ku Ntcheu amasimba kuti inakana kuyendetsedwa pansi ngati kapolo. Magulu a nkhondo anatha, msonkho wa nyumba unalowa, ndipo mphamvu za anyamata zinapita kuminda ya azungu ku Thyolo ndi Mulanje, ku Salisbury, ku Joni, ndi ku King's African Rifles kukamenya nkhondo za eni. Mkondo ndi chishango zinapulumukira m'gule. Tikamaona amuna akuponda ngoma fumbi koboo, tikuona zotsala za sukulu ya nkhondo ija.

Anzathu a kuchisanu aja sanalole kuti luso lawo lithere pachionetsero. Pa masewera oyamba a Olimpiki a nyengo yozizira, ku Chamonix mu 1924, panali mpikisano wa magulu a asilikali anayianayi, oyenda ndi katundu kumsana ndi kuwombera, ndipo Switzerland inapambana. M'nkhondo ya 1939 mpaka 1940, asilikali a Finland ovala zoyera, oyenda pa ski m'nkhalango, anazunguza gulu lankhondo la Soviet Union lomwe linkawaposa kutali m'chiwerengero. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, anthu anali atatopa ndi fungo la wonga, moti mpikisano wa asilikali uja unaoneka komaliza pa Olimpiki mu 1948. Okonda masewerawa anauvula yunifomu n'kuupanga wa munthu payekha. Mpikisano woyamba wa dziko lonse unachitikira ku Saalfelden, m'dziko la Austria, mu 1958, ndipo mu 1960 biathlon inalowa mu Olimpiki ku Squaw Valley, ku America. Amene anatenga golide tsiku limenelo, Klas Lestander wa ku Sweden, anali ndi anzake angapo omuposa liwiro, koma zipolopolo zake zonse 20 zinalasa.

Kusintha kwakukulu kunabwera mu 1978. Kufikira nthawi imeneyo ankagwiritsa ntchito mfuti zikuluzikulu za asilikali, chandamale chili kutali mamita 100 kapena kuposa, zomwe zinkafuna malo aakulu ndipo oonerera sankaona kanthu. Atasinthira ku mfuti yaing'ono ya .22 ndi mtunda wa mamita 50, masewerawa anatseguka kwa anthu wamba ndi achinyamata. Anabweretsanso chandamale chachitsulo chimene chimatembenuka n'kuyera chikalasidwa, kotero kuti aliyense pabwalo kapena pa wailesi yakanema amaona nthawi yomweyo. Akazi anapatsidwa mpikisano wawo wa dziko lonse mu 1984, n'kulowa mu Olimpiki ku Albertville mu 1992. Bungwe loyendetsa masewerawa, la International Biathlon Union, linabadwa mu 1993.

Tiyeni tiime pang'ono pamalo owomberapo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo. Wothamanga akufika atakwera zitunda, mfuti yolemera makilogalamu osachepera 3.5 ili kumsana, mtima ukugunda kopitirira ka 170 pa mphindi imodzi. Amaponya ndodo pansi, kutsitsa mfuti, n'kugona chafufumimba pamphasa. Kutsogolo kwake kuli timadontho takuda tisanu. Pogona, malo oyenera kulasa ndi a mamilimita 45 m'mimba mwake, ngati pakamwa pa kapu yaing'ono. Powombera choimirira ndi mamilimita 115, ngati kambale ka ndiwo, koma miyendo imakhala ikugwedezeka ndi kutopa, mphepo ikukankha mfuti. Amakoka mpweya, kuutulutsa pang'ono, kuugwira, chala n'kufinya mofatsa. Kadontho kayera. Ku Ruhpolding kapena ku Oberhof m'dziko la Germany, khamu la anthu zikwizikwi limafuula pa chipolopolo chilichonse cholasa ndi kubuula pa chilichonse chophonya, iye ali pakati pa phokosolo ngati sakumva. Akatswiri amatha zonse zisanu m'masekondi osakwana 30. Kuphonya kamodzi, chilango chake n'kuzungulira kabwalo ka mamita 150 anzako akupita, ndipo pa mpikisano wa makilomita 20 amakuwonjezera mphindi yathunthu. Munthu akhoza kutsogola mtunda wonse n'kutaya zonse pa chipolopolo chomaliza. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa munthu akufunika kudekha thupi lonse lili pamoto.

Ndi ochepa amene anakhala m'moto umenewu nthawi yaitali ngati Ole Einar Bjørndalen. Anabadwa pa 27 January 1974 ndipo anakulira pafamu yaing'ono ku Simostranda, ku Norway, m'banja la ana asanu. Anatengera mkulu wake Dag, yemwe anali kale m'masewerawa. Ali ndi zaka 16 anachoka pakhomo kupita kusukulu ya zamasewera ku Geilo. Mu 1994, Olimpiki itachitikira kwawo ku Lillehammer, analowa ali ndi zaka 20 n'kutuluka wopanda mendulo. Liwiro anali nalo, koma pamphasa ankaphonya. Anafuna thandizo kwa mphunzitsi wa kaganizidwe, bambo amene kale ankagulitsa makina opopera fumbi m'nyumba, ndipo anayamba kuphunzitsa maganizo ake monga ankaphunzitsira miyendo.

Pa Olimpiki ya ku Nagano, m'dziko la Japan, mu 1998, anali patsogolo pa mpikisano wa makilomita 10 pamene akuluakulu anauimitsa pakati chifukwa cha chifunga ndi chipale chofewa. Wina akadadandaula usiku wonse. Iye anabwerera m'mawa mwake n'kupambana, atamusiya wachiwiri ndi mphindi yoposa imodzi. Ku Salt Lake City mu 2002 anakokolola golide yense amene analipo kwa amuna, mendulo zinayi. Ku Turin mu 2006 golide anamuzemba, anabwerako ndi siliva ziwiri ndi buronzi imodzi. Ku Vancouver mu 2010 anatenga siliva payekha ndi golide wa timu. Pofika ku Sochi mu 2014 ambiri ankati wakalamba, azipereka mpata kwa ana. Pa 8 February, ali ndi zaka 40, anaphonya kamodzi, kuzungulira kabwalo ka chilango, n'kupambanabe ndi sekondi 1.3 pamaso pa Dominik Landertinger wa ku Austria. Zonse pamodzi anasonkhanitsa mendulo 13 za Olimpiki, 8 mwa izo zagolide, mendulo 45 za mipikisano ya dziko lonse, ndiponso anakhala katswiri wa nyengo yonse ya World Cup kasanu ndi kamodzi.

Manambalawa ndi osavuta kuwerenga. Moyo umene unawabala ndiwo wolemetsa. Nyengo ya mipikisano imayamba kumapeto kwa November kufika March, ndipo munthu amakhala wa m'chikwama: Östersund, Hochfilzen, Oberhof, Antholz, Oslo. M'miyezi yotentha sapuma, amathamanga pa ski zamateyala mumsewu wa tala, kupalasa njinga m'mapiri, ndi kuima m'chipinda mfuti yopanda chipolopolo ili paphewa, akuloza kadontho kapakhoma. Bjørndalen ankaopa chimfine ngati mdani, moti ankayenda ndi makina ake opopera fumbi kuti aziyeretsa yekha zipinda za m'mahotela, ndipo mowa sankamwa. Maukwati, maliro ndi zisangalalo za pamudzi, zimene kwathu kuno zimamupanga munthu kukhala munthu pakati pa anzake, wothamanga wotere zambiri zimamupita. Sindikuona ngati n'zodabwitsa kuti maukwati ake onse awiri anawapeza m'masewera momwemo, poti ndiko kunali mudzi wake. Mu 2006 anakwatira Nathalie Santer wa ku Italy, ndipo banjalo linatha mu 2012. Mu July 2016 anakwatira Darya Domracheva wa ku Belarus, amene anatenga golide katatu ku Sochi, ndipo mu October chaka chomwecho anabereka mwana wamkazi.

Za mayi ameneyu n'zoyenera kuimapo. Patangopita miyezi itatu chibadwire mwana anabwerera pabwalo, ndipo mu February 2017 ku Hochfilzen anapata siliva pa mpikisano wa dziko lonse. Tsiku lomwelo mwamuna wake, ali ndi zaka 43, anapata buronzi. Amayi a ku Ntcheu amene amakwera chitunda mwana ali kumbuyo, dengu la kachewere lili pamutu, sangafunse kuti mphamvu zoterozo zimachoka kuti.

Mathero a Bjørndalen sanali okoma. Mu January 2018 dziko lake silinamusankhe kupita ku Olimpiki ya ku PyeongChang chifukwa achinyamata anali atamuposa. Anapitabe, koma monga wothandizira timu ya Belarus, ndipo anaonerera mkazi wake akumaliza mpikisano wopatsirana n'kupezera dziko lake golide. Pa 3 April 2018 analengeza kuti wasiya, ndipo anatchula vuto la mtima umene unali utayamba kugunda mosalongosoka. Mtima umene anauphunzitsa kumvera kwa zaka 25 ndiwo unamuuza kuti basi. Mu 2019 iye ndi mkazi wake anapita kukaphunzitsa timu ya China. Pamwamba pa masewerawa panalinso zonyansa zake: Anders Besseberg, amene anatsogolera bungwe la dziko lonse kuyambira 1993 mpaka 2018, khoti la ku Norway linamupeza wolakwa pa mlandu wa ziphuphu mu 2024.

Pali mbali ina ya ntchitoyi imene ife Amalawi tingaimve msanga. Si onse amene amalemera ngati Bjørndalen, ndipo maiko ambiri amasunga othamanga awo powalemba ntchito m'boma. Martin Fourcade wa ku France anali msilikali. Magdalena Neuner wa ku Germany, amene anasiya mu 2012 ali ndi zaka 25 zokha atapambana pafupifupi chilichonse, anali wa nthambi yoona za kasitomu. Malipiro amabwera mwezi ndi mwezi, ntchito yake n'kukonzekera mipikisano, ndipo akavulala kapena kukalamba ali ndi pogwira. Ndi zomwe timaona pa mpira ndi Kamuzu Barracks, Moyale Barracks, Red Lions ndi Blue Eagles. Njira tikuidziwa kale, kungoti tinaipatsa mpira pafupifupi yonse.

Malawi inayamba kupita ku Olimpiki mu 1972 ku Munich, ndipo kumasewera a nyengo yozizira sinapondeko. Chipale chofewa tilibe, ndipo sindikunena kuti titumize ana a ku Tsangano akagule ski. Philip Boit wa ku Kenya anayesa njira imeneyo mu 1998 ku Nagano pa mpikisano wa ski wopanda mfuti, anafika womaliza, ndipo katswiri wa ku Norway Bjørn Dæhlie anamudikira pamzere womalizira n'kumukumbatira. Ndi nkhani yogwira mtima, koma si njira yomangira masewera a dziko. Chimene tingatenge n'china. Mutu wa biathlon ndi kuthamanga kenako n'kulasa, ndipo zimenezi sizifuna chisanu. Bungwe la dziko lonse la masewera owombera lili ndi mpikisano wotchedwa target sprint, wothamanga wapansi mamita 400 katatu, pakati pake n'kumawombera ndi mfuti ya mpweya pamtunda wa mamita 10. Kulinso maiko amene amaphatikiza kuthamanga ndi uta. Uta si wachilendo kwa ife, ndipo mnyamata wa ku Malawi, Areneo David, anakaima nawo pa Olimpiki ku Rio de Janeiro mu 2016 ndi ku Tokyo mu 2021.

Ntcheu ili ndi zonse zimene mphunzitsi wa othamanga angapemphe. Mapiri a Kirk Range ndi okwera, mpweya wake ndi wozizira, ndipo ana a kumeneko amakula akukwera ndi kutsika tsiku ndi tsiku, popita kusukulu, kudimba ndi kumsika wa pa Tsangano Turn-off. Ku Mlangeni kuli sukulu ya apolisi, kumene kuli anthu odziwa kuphunzitsa kagwiridwe ka chida mwadongosolo. Koposa zonse, kuli mbiri. Chaka ndi chaka Angoni a kwa Maseko amasonkhana ku Nkolimbo pa Umhlangano, pamaso pa Inkosi ya Makosi Gomani V, ochokera ku Malawi, Mozambique ndi kwina. Ngoma imavinidwa, msindo umavinidwa, ndipo n'zonyaditsa. Koma mnyamata amene wanyamula chishango pabwalo lija akabwerera kunyumba alibe poyesera liwiro lake ndi diso lake, kupatula pa kabaza ndi pa bawo. Makolo ake sankavina kokha. Gule ankabwera pambuyo pa kuthamanga, kuponya ndi kupirira.

Mmera mpoyamba, ndipo a ku Trysil aja anayamba ndi kalabu ya pamudzi, zaka pafupifupi 100 Olimpiki isanawatsegulire khomo. Pempho langa likupita kwa makosi athu, a Njolomole, a Kwataine, a Ganya, a Mpando ndi anzawo, kwa aphunzitsi a zamasewera m'sukulu za bomali, ndi kwa okonza Umhlangano. Pa msonkhano ukubwerawu, ng'ombe isanaphedwe ndiponso ngoma isanayambe, patulani m'mawa umodzi. Yezani njira yozungulira mudzi, imikani zandamale zisanu za udzu, konzani mauta ndi mivi, ndipo muitane anyamata ndi atsikana a m'midzi yonse adzathamange ndi kulasa pamaso pa Inkosi.